Mapepala Akale a Malo Tiwawerenge Agogo Ali Pambali



Mbiri ya mudzi wathu ili m'malo awiri. Ina ili m'kamwa mwa agogo. Ina ili m'mapepala akale amene boma la Apwitikizi linkalemba popereka malo kwa anthu ake. Mbiri ya m'kamwa timaidziwa, ngakhale masiku ano timaimvera mothamanga. Ya m'mapepala ambiri a ife sitidaionepo, ndipo ena sadziwa n'komwe kuti ilipo. Ine ndikuti mapepala amenewa tiwafune ndipo tiwawerenge. Koma tisawawerenge tokha. Tiwawerenge agogo atakhala pambali, cifukwa amene adawalemba ndi omwe ankatenga malowo, ndipo munthu wotenga munda wa mnzake salemba nkhani yonse.

Tiyambe ndi liwu limodzi la Cipwitikizi. Liwuli ndi prazo. Ana inu, nenani nane: pra-zo. Prazo lidali dera lalikulu limene mfumu ya ku Portugal inkabwereketsa munthu mmodzi ndi banja lake. Sudali munda ngati wa bambo anu ayi. M'prazo limodzi munkakhala midzi yambiri, mitsinje, madambo ndi mapiri. Ena mwa maprazowa munthu ankayenda masiku angapo asadafike kumapeto kwake.

Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete ca m'ma 1530. Poyamba adali alendo cabe, ogula golide ndi minyanga ya njovu. M'caka ca 1629 adathandiza Mavura kukhala pa mpando wa Mwenemutapa, ndipo iye adavomera pangano lowapatsa mphamvu zambiri m'dziko lake. Apwitikizi ena adali atatenga kale malo m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Ena adalanda ndi nkhondo, ena adapatsidwa ndi mafumu atawathandiza kumenyana ndi adani, ena adakwatira m'mabanja a eni dziko. Atakhazikika ndi pamene ankapempha boma lawo kuti liwalembere pepala. Muone bwino pamenepa, makolo: malo ankayamba atengedwa, pepala linkabwera pambuyo.

Pepalalo linkanena zinthu zingapo. Linkachula dzina la wolandira, dzina la malowo ndi malire ake. Linkanena kuti malowo ndi a mfumu ya ku Portugal, ndipo wolandirayo awagwiritse nchito kwa miyoyo itatu, ndiye kuti iye, womulowa m'malo, ndi wina wacitatu. Miyoyo itatu ikatha, banjalo linkapempha kuti liwonjezeredwe ina. Caka ndi caka wolandirayo ankayenera kulipira boma cobwerekera cochedwa foro. Foro ankalipira ndi golide wa fumbi, ndipo golideyo ankamuyeza ndi muyeso wochedwa metical, wolemera pakati pa magalamu 4 ndi 5. Dzinali mwalizindikira. Ndalama imene amayi amamangirira pa ngodya ya nsalu idatenga dzina lake ku muyeso womwewu pamene idalowa m'malo mwa escudo m'caka ca 1980.

Pali cina cimene cimandisangalatsa m'mapepalawa. Maprazo ambiri ankalembedwa m'maina a akazi, ndipo ankatsata ana aakazi. Boma la Portugal linkafuna kuti akaziwa akwatiwe ndi amuna ocokera ku Portugal, kuti Apwitikizi aculuke m'Zambezi. Sizidayende monga linkafunira. Amuna otere adali ocepa, ndipo ambiri ankafa ndi malungo. Akaziwo adakwatiwa ndi amuna a ku Goa, dziko la ku India limene Apwitikizi ankalamulira, ndi ena obadwira konkuno. Ana awo ankalankhula zilankhulo za m'Zambezi, ankaombeza maula ndi kuweruza milandu ngati mafumu. Akazi eni maprazowa ankachedwa madona. Mmodzi wochuka ku Tete adali Dona Francisca Josefa de Moura Meneses, amene anthu adamucha Chiponda. Wolankhula Cinyanja safuna womumasulira dzina limeneli. M'caka ca 1798 iye adapereka amtengatenga kwa bwanamkubwa Francisco de Lacerda, amene adanyamuka ku Tete kupita kwa Kazembe nakafera komweko. Ife Acewa, amene munda ndi ufumu zimatsata ku cikazi, sitidabwa kuona mkazi ali mwini malo. Koma tisasokoneze zinthu ziwirizi. Mbumba imagawana dziko la makolo ake. Dona ankadyera dziko la eni ake.

Tsono ife tili pati m'pepala lotere? Tilimo, koma m'mbali. Dzina la wolandira lidalembedwa lonse, maina anayi kapena asanu, ndi dzina la mwamuna wake ndi la bambo ake. Anthu amene adali m'dzikomo kale, olima mapira ndi kuika akufa awo momwemo, pepala lidangowacha colonos. Ana amene adzafike m'makalasi apamwamba asamale ndi liwuli. M'mapepala a maprazo, colono si mtsamunda ayi. Ndi munthu wakuda, mfulu, wokhala m'mudzi mwake pansi pa mfumu yake, koma wolipira msonkho kwa mwini prazo. Msonkhowo unkakhala mapira, nkhuku, nsalu za thonje, uci kapena golide. Mlenje akapha njovu, nyanga imene yagunda pansi inkapita kwa mwini dziko. Kale inkapita kwa mfumu, ndipo eni maprazo adatenga mwambowo kukhala wawo.

Malo amene timapezekamo kwambiri ndi pa malire. Mlembi sakadatha kunena pamene prazo lathera popanda kuchula mtsinje, phiri, kapena dziko la mfumu yoyandikana nalo. Maina amenewo sadabwere nawo kucokera ku Lisboa. Adawamva kwa anthu a pomwepo. Conco pepala lolembedwa kuti litsimikize umwini wa mlendo limatsimikizanso, mosafuna, kuti padali anthu amene adacha kale maina mitsinje ndi mapiriwo. Likanena kuti kumpoto prazo lacita malire ndi dziko la mfumu yakuti, ndiye kuti tapeza dzina la mfumuyo pamodzi ndi caka. Agogo angatiuze kuti ufumu wakutiwo ndi wakale. Pepala lingatiuze kuti m'caka cakuti udalipo kale. Ziwirizi zikakumana, mwana amaphunzira cinthu cimene palibe mmodzi mwa awiriwa akadamuuza payekha.

Koma maina athu adawalemba ndi khutu la Cipwitikizi, ndipo munthu angadutse dzina la agogo ake osalizindikira. Njira yake ndi kuwerenga mokweza. Pamene ife tilemba ny, iwo adalemba nh. Pamene tilemba k, iwo adalemba c kapena qu. Pamene tilemba wa, iwo adalemba ua. Zilembo zina zoyambirira adangozisiya. Mukaona fumo, ndiye mfumu. Mussoco ndi msonkho. Inhacuaua ndi nyakwawa. Milando ndi milandu. Aringa ndi linga. Maraves ndi Amaravi, Chevas ndi Acewa, Unde ndi Undi, ndipo mtsinje wa Aruangua ndi Luangwa. Mwana wa kalasi yoyamba amene lero akuphunzira kulemba ny m'mawu akuti nyumba, akadzafika pa nh wa Cipwitikizi adzakhala ndi makiyi onse awiri. Katswiri wa ku Lisboa amawerenga pepala lotere mosavuta, koma sadziwa kuti kamtsinje kochulidwamo ndi kamene timacapirako. Agogo amakadziwa kamtsinjeko, koma pepala sangaliwerenge. Wokhala pakati pa awiriwa ndi mwana wanu.

Pano ndiyenera kunena cinthu cimene cingakhumudwitse ena. Amene muli ku mapiri a Angónia, Tsangano ndi Makanga musayembekeze kupeza mudzi wanu m'mapepala a maprazo a zaka za m'ma 1700. Maprazo a nthawi imeneyo adali m'cigwa ca Zambezi, makamaka tsidya la kumwera, kuyambira ku Quelimane, kudutsa ku Sena, mpaka kuzungulira Tete. Kumpoto kudali dziko la Amaravi, ndipo Undi ndiye adali ndi mawu. Mpwitikizi wofuna kukumba golide kumeneko ankapempha kwa mafumu, napereka nsalu ndi mikanda. Kusapezeka kwathu m'mapepala amenewo nakonso ndi mbiri. Kukutiuza kuti dzikoli silidali m'manja mwa Portugal.

Nkhani ya Makanga ikuonetsa bwino zimenezi. Gonçalo Caetano Pereira, wa mtundu wa ku Goa, amene anthu adamucha Dombo Dombo, adalandira malo kumpoto kwa Tete m'zaka za m'ma 1700. Sadawalandire kwa mfumu ya ku Portugal. Adawalandira kwa Undi atamuthandiza pa nkhondo. Ana ndi adzukulu ake adakwatira m'mabanja a Acewa, adakulitsa dzikolo, nakhala ufumu paokha. Ankagulitsa minyanga ndi anthu, ndipo kangapo adamenyana ndi boma la ku Tete. Apwitikizi adagonjetsa Makanga m'caka ca 1902. Cimodzimodzi ku Massangano, pamene Luenha athira m'Zambezi: banja la da Cruz, motsogozedwa ndi Bonga, lidathamangitsa asilikali a boma kangapo pakati pa 1867 ndi 1869, ndipo linga lawo lidagwa mu 1888. Pa pepala malowo adali a mfumu ya ku Portugal. Pansi padali pena. Ndiye musakhulupirire pepala cifukwa cakuti lili ndi cidindo.

Mapepala amene amatikhudza ife a kumapiri ndi a pambuyo pake. Boma la Portugal lidalamula mu 1832, nalamulanso mu 1854, kuti maprazo athe, koma lidalibe mphamvu yokakamiza eni ake. Mu 1890 lidasintha nzeru. Lidati maprazo azibwereketsedwa kwa anthu ndi makampani olipira, ndipo theka la msonkho anthu azilipira ndi nchito ya manja awo. Mu 1891 Portugal ndi Britain adagwirizana za malire, ndipo mzere udadula pakati pa midzi ya acibale. Adadulidwanso Angoni a Maseko, amene adakhazikika pa phiri la Domwe ca m'ma 1870. N'cifukwa cake lero munthu woyenda pa msewu wa Dedza ndi Ntcheu amaona Mosambiki mbali iyi, Malawi mbali iyo, cilankhulo cimodzi. Mu 1892 idakhazikitsidwa Companhia da Zambézia, imene idatenga malo ambiri a cigawo ca Tete, ena n'kubwereketsanso kwa anthu ena. Apa ndi pamene dzina la prazo lidakwera kufika ku maiko amene kale sadali maprazo. Dongosololi lidatha ca m'ma 1930, boma litatenga ulamuliro wonse m'manja mwake.

Wobwereka prazo ankapindula ndi msonkho, conco ankafuna kudziwa kuti anthu ndi angati. Ankacita kalembera, mudzi ndi mudzi, pansi pa dzina la mfumu kapena nyakwawa. Mapepala otere ndi owawa kuwerenga, cifukwa anthu akuwerengedwa ngati mbuzi za m'khola. Koma kwa wofufuza mbiri ya banja ndi othandiza kwambiri. Amaonetsa midzi imene idalipo, ndi imene idasowa pa kalembera wotsatira. Mudzi ukasowa, funsani agogo. Kawirikawiri adzakuuzani kuti anthu adathawa msonkho ndi cibalo, nawoloka malire usiku kupita ku Nyasaland, kumene tsopano ndi ku Malawi, kapena adapita ku nchito ku Rhodesia osabwereranso. Mabanja ambiri kuno ali ndi abale ku Mulanje, ku Thyolo, ku Lilongwe kapena ku Harare, ndipo ana amafunsa kuti adapitako bwanji. Yankho lina lili m'mabuku a msonkho amenewa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu simugwirizana nane. Ena amati, "Mapepala a atsamunda ndi abodza, tiwasiye adyedwe ndi ciswe." Zoona, muli bodza. Mwini prazo ankacepetsa ciwerengero ca anthu ndi zokolola kuti alipire pang'ono ku boma. Pofuna kuoneka wamkulu, ankakulitsa malire. Mfumu yokana msonkho ankaicha woukira. Koma pa bwalo la milandu mboni yokondera sitiithamangitsa. Timaimvera, timaifunsa, kenaka timaitana mboni ina. Ndiponso tinene mosabisa, ndi ulemu wonse: nawo agogo amaiwala. Amaphatikiza mafumu awiri a dzina limodzi kukhala munthu mmodzi, pakuti kwathu kuno wolowa ufumu amalowanso dzina. Amakometsa za pfuko lawo, nadumpha zocititsa manyazi. Mutu umodzi susenza denga. Wolemba mbiri wina wa ku America, Allen Isaacman, adatulutsa buku la maprazo a Zambezi mu 1972. Adawerenga mapepala a ku Lisboa, koma adabweranso kudzakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi ya m'Zambezi, nawafunsa. Ngati mlendo adaona kuti pepala lokha silikwana, ife eni ake tingalephere bwanji kuona?

Ena ali ndi mantha ena, ndipo mantha awa ndi omveka. Amati kufukula mapepala a malo kudzadzutsa mikangano ya minda. Ine ndidabadwa nkhondo itatha, koma ndidakulira m'nkhani zake. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, adabwerera napeza minda itamera chire, malire atafafanizika, kwina mutalowa anthu ena. Mafumu adagwira nchito yaikulu kukhazika anthu pansi. Palibe afuna kubwerera ku mikangano imeneyo.

Conco mvetsani bwino. Pepala la prazo silipatsa munthu aliyense munda lero. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, malamulo aakulu a dziko adati nthaka yonse ndi ya Boma, ndipo mpaka lero sigulitsidwa. Wina akabwera ndi pepala la caka ca 1895 nati dambo ili n'la agogo ake, pepalalo ndi mbiri, si umwini. Lamulo la Malo la 1997, nambala 19/97, lidanena zinthu zimene banja lililonse liyenera kudziwa. Lidavomereza ufulu wa anthu ogwiritsa nchito malo motsata mwambo wa kwawo. Lidavomereza ufulu wa nzika imene yagwiritsa nchito malo mokhulupirika kwa zaka zosacepera 10. Lidati kusowa pepala sikucotsa ufuluwo. Lidatinso umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi umboni wokwanira. Taonani kusintha kwake. Kwa zaka mazana atatu pepala la mlendo lidaposa mawu a mwini dziko. Mu 1997 lamulo lidati mawu a agogo aakazi ali ndi mphamvu pa bwalo. Koma mawuwo adzakhala ndi mphamvu ngati alipo wowakumbukira. Mudzi umene udziwa kuti manda ake akale ali pati, bwinja lili pati, ndi kuti adayamba ndani kulima dimba lakuti, suvutika kuyankha kampani ikabwera ndi mapu ake. A ku Moatize, kumene midzi idasamutsidwa cifukwa ca migodi ya malasha, angatiuze kuti nkhani ya malo sidathe ndi atsamunda.

Pali cacitatu cimene anthu sanena mokweza. Eni maprazo adali ndi akapolo ambiri. Ena mwa akapolowa adali asilikali ndi alenje a njovu, ochedwa Acikunda. Adacokera m'mitundu yambiri: Acewa, Ansenga, Asena, Amang'anja ndi ena. Ena adagwidwa pa nkhondo, ena adagulitsidwa, ena adadzipereka okha nthawi ya njala kuti apeze cakudya. Maprazo atayamba kupasuka, Acikunda ambiri adakakhazikika ku Zumbo ndi m'mbali mwa Luangwa, nakhala mtundu paokha. Wofufuza mbiri ya banja angapeze kuti kholo lake lidali kapolo. Angapezenso kuti lidali logwira anzake. Kholo lina lingakhale lidali sipayi wokwapula anthu pa msonkho. M'midzi yathu akuluakulu amadziwa mabanja otere, ndipo amakhala cete mwadala, kuti anthu akwatirane ndi kudyera pamodzi. Kukhala cete kumeneku ine ndimakulemekeza. Zimene banja lapeza ndi za banjalo. M'kalasi mwanga sindilola mwana kuchula mnzake kuti kapolo, ngakhale mwa masewera. Koma sindivomera kuti cifukwa ca ici titseke mabuku onse. Mwana amene kholo lake lidanyamula macila a mwini prazo ayenera kudziwa kuti khololo lidapirira mpaka iye kubadwa, ndi kuti manyazi ndi a wokwera macilawo.

Nanga mapepalawa ali kuti? Ali kutali, sindingakunamizeni. Mpaka caka ca 1752 dziko lino linkalamulidwa kucokera ku Goa, conco mapepala ena akale kwambiri ali ku India. Ena ambiri ali ku Lisboa, m'nyumba yosungira mapepala yochedwa Arquivo Histórico Ultramarino. M'dziko mwathu muno ali ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, imene idakhazikitsidwa mu 1934 ndipo ili pansi pa Universidade Eduardo Mondlane. Kumeneko kuli mapepala a boma la Tete a zaka za m'ma 1800 ndi za pambuyo pake. Kulinso nyuzi ya boma, Boletim Oficial, imene idayamba kusindikizidwa mu 1854, ndipo inkalengeza za malo operekedwa ndi obwereketsedwa. Kucokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1500. Mlimi sangasiye munda kupita kumeneko. Maganizo anga ndi akuti a zamaphunziro ajambule mapepala okhudza boma lililonse, awatumize ku sukulu za m'bomalo, ndipo ena amasuliridwe m'Cinyanja. Masiku ano telefoni ya m'manja imajambula tsamba m'kamphindi. Si cinthu covuta. Mbiri ya Angónia isakhale yodziwika ku Lisboa kuposa ku Ulongwe.

Pamene tikudikira zimenezo, nchito yoyamba ili pakhomo, ndipo mwana wa zaka 6 angaigwire. Ana inu, madzulo ano mukatha kudya, khalani pafupi ndi agogo. Muwafunse mwaulemu: "Agogo, amayi anu adali ndani? Adabadwira mudzi uti? Ankatunga madzi mtsinje uti?" Mafunso atatu okha akwana usiku umodzi. Mawa mudzafunse ena. Agogo akatopa, asiyeni apume. Akayamba nkhani ina imene simudafunse, musawadule, cifukwa kawirikawiri imeneyo ndiyo yofunika.

Inu makolo, kapena mkulu wake wa mwanayo, lembani mayankhowo m'kope limodzi losungidwa bwino. Lembani m'Cinyanja, monga agogo anenera, osakonza. Pamwamba lembani tsiku ndi dzina la wonenayo. Musalembe maina a ubatizo okha. Lembaninso dzina la ubwana, dzina la ku cinamwali ngati aloleza, ndi mfunda kapena ciwongo: Phiri, Banda, Mwale, Nkhoma, Maseko. Maina a Cipwitikizi ambiri adaperekedwa ku misyoni kapena pa kalembera, ndipo mlembi ankatha kutenga dzina la bambo kukhala dzina la banja lonse. Abale a mimba imodzi angapezeke ndi maina osiyana. Kwa Acewa tsatani mzere wa amayi ndi amalume. Kwa Angoni tsatani wa abambo. Mabanja ambiri kuno ali ndi mbali zonse ziwiri, conco funsani uku ndi uku.

Agogo sadzakupatsani zaka, ndipo musawaumirize. Afunseni kuti cinthuco cidacitika nthawi ya mfumu iti, njala iti, dzombe liti, msewu uti usadalimidwe. Zaka tidzazipeza m'mapepala. Tsiku lina lopanda sukulu yendani nawo ku bwinja. Mitengo ya mango yoima payokha m'chire, mphero yosweka, mapale, nkhadze zomera mozungulira, zonsezi zimanena kuti pano padali mudzi. Mwana ajambule m'kope mtsinje, phiri ndi njira, ndipo alembe dzina la ciliconse. Ku manda asapite popanda cilolezo ca akuluakulu.

Yang'ananinso m'sutikesi ndi m'denga. M'nyumba zambiri muli mapepala amene eni ake amawayesa acabe: caderneta ya nthawi ya atsamunda, malisiti a msonkho, khadi la ubatizo, kalata ya ku nchito ku Rhodesia, khadi la cakudya la ku msasa wa othawa nkhondo. Pa caderneta padalembedwa dzina la mfumu ndi la dera monga boma linkalembera, ndipo kalembedwe kameneko ndi kamene mudzafunire pofufuza m'mabuku a boma. Musawapinde mapepalawa, musawamate ndi guluu, ndipo musapereke kwa munthu wonena kuti akawasungira ku ofesi. Wofuna ajambule, eni ake atsale nawo. Asungeni m'citini cotseka bwino, pamalo pouma, kutali ndi ciswe ndi makoswe.

Kope likadzaza, libweretseni ku sukulu. Ana akabweretsa makope khumi a mudzi umodzi, tidzawaika pamodzi, ndipo tidzaona pamene agwirizana ndi pamene asiyana. Tidzaitana a mfumu ndi amayi aakulu a m'mudzi kuti atithandize pa zosiyanazo. Pamenepo ndi pamene tingalembe kalata ya m'Cipwitikizi ku Maputo, kapena kutuma mwana wa kuno amene akuphunzira kumeneko. Osunga mapepala sangathandize munthu wongoti, "Ndifuna mbiri ya agogo anga." Mapepalawo sadasanjidwe potsata maina athu. Adasanjidwa potsata maboma, maprazo ndi zaka. M'kalatamo tidzalemba dzina la mudzi, dzina la mfumu monga timanenera ndi monga Apwitikizi ankalembera, mtsinje ndi phiri zoyandikana, ndi dzina lakale la boma, pakuti Ulongwe m'mapepala a atsamunda ndi Vila Coutinho.